Chaka Chimene Ndinawatsekera Agogo Anu M'nyumba

Bwerani kuno pakhonde, ana inu, nkhukuzo zisiyeni zipume. Yamikani, foniyo ika m'thumba, siithawa. Iwe Tadala, leka kukanda pansipo ndi kamtengoko. Agogo ako aakazi akakupeza ine sindikulanditsa, ndili ndi milandu yanga kale. Dzulo mutangofika unandifunsa kuti, "Agogo, bwanji chaka chatha munatikaniza kubwera kutchuthi?" Ine ndinayankha kuti kuno kunabuka chimfine. Chimfinecho chinaliko ndithu, koma si chimene ndinakukanizirani. Lero poti agogo anu atsikira kudimba ndikuuzani zoona zake, chifukwa iwo akanakhala pano akanandilanda nkhani pakamwa n'kuithira nsinjiro zawo.

Mwezi uno wa Ogasiti ine sindinaukondepo chibadwire. Taonani mmene umachitira. M'mawa kuzizira koluma zala ngati Juni sanapite, masana dzuwa likuswa mtengo, chakumadzulo mphepo ya fumbi yafika, kamvuluvulu akuzungulira m'minda n'kumamwaza phulusa la mapesi amene anthu atentha. Ana onse m'mudzi mamina osauma, akuluakulu maso ali psuu. Mango achita maluwa, mitengo ya kuphiri la Bunda uko yayamba kutulutsa timasamba tofiira, ndiye inu a m'tauni mukuti kwakongola, mukujambula pa foni. Ife makolo athu ankatiuza zina. Ankati mitengo ikamaphukira imakoka mphamvu za anthu odwala, moti munthu amene wapirira chisanu chonse amadzagonja nthawi imeneyi, kutentha kutatsala pang'ono kufika. Musaseke. Ine ndinakhulupirira zimenezo mpaka imvi kudzaza mutu wonsewu.

Chisanu chenicheni inu simuchidziwa. Mwabwera kuno ndi majuzi awiriawiri, masokosi, zipewa zofika m'makutu ngati mukupita kukaba. Ife tili ana bulangete linali limodzi, ana anayi, ndipo wogona kumapeto ankadzuka atakwiya. Kukacha tinkathamangira kuseri kwa nyumba, kumene dzuwa limayambira kugunda, n'kundanda pakhoma ngati abuluzi. Thupi lotuwa mbuu, mapazi ong'aluka moti ming'alu ina amayi ankachita kuisoka ndi ulusi. Mafuta odzola anali a nsatsi. Amayi ankakazinga nsatsizo, kuzisinja, kuziwiritsa, n'kuyenga mafuta. Fungo lake, Tadala, ukanathawa mpaka ku Malingunde osacheuka. Koma khungu linkafewa. Mankhwala ena a chisanu anali mbatata yootcha paphulusa ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Tiyi tinkangomuonera kwa aphunzitsi.

Nditakula pang'ono amalume anandipatsa ngolo yawo kuti ndiziyendetsa. Ng'ombe zake zinali ziwiri, Bulaki ndi Sitima. Ng'ombe, osati abulu a masiku anowa, amene ukawauza kumanja amayamba aganizira kaye. Ndinkanyamula chimanga, mtedza, nthawi zina mabelo a fodya, kuchoka kuno ku Mitundu kukatula ku Nathenje, kumene kunali msewu waukulu ndi malole. Lero wa kabaza amakufikitsa kumeneko usanamalize n'kupemphera komwe. Ine ndinkanyamuka kutangocha n'kukafika dzuwa litapendeka. Jekete langa linali chiguduli choboola pakati polowetsa mutu. M'matumba a kabudula ndinkaikamo mbatata ziwiri zamoto kuti zizindifunditsa manja mpaka pa dambo loyamba, zikazizira n'kuzidya.

Pa njira imeneyo, utatsala pang'ono kulowa Nathenje, panali kanyumba kaudzu kamene khonde lake linkandiimitsa ngolo. Lakuda bii, losalala, lowala ngati alithira mafuta. Inu mwakulira pa simenti, tsono ndikuuzeni. Kuzira ndiko kumata pansi ndi mtsiro, dothi lakuda la kudambo, n'kulisalaza ndi manja. Likayamba kuuma amalikulunga ndi kamwala kosalala kotchedwa nkhulungo mpaka liwale. Mkazi aliyense ankazira, koma si onse ankafika pamenepo. Tsiku lina ndinaima n'kupempha madzi akumwa. Anatuluka mtsikana wamfupi, wamaso akuthwa, chikho m'manja.

"Kuzizira konseku, inu ludzu?" anatero.

"Ng'ombezi ndi zimene zandituma," ndinayankha ine.

"Ndiye mukaziuze ng'ombezo kuti wantchito wawo asandipondere pakhonde ndi mapazi afumbiwo."

Ameneyo anali Nankhoma, agogo anu. Madzi ndinamwera pabwalo, choimirira, maulendo asanu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinayamba ndatsuka mapazi kumtsinje, ndipo anandiyalira mphasa. Titakwatirana ndinakhala kwawoko pa chikamwini zaka zitatu, ndikulimira apongozi, kenaka ndinapempha chitengwa n'kubwera nawo kuno. Chifikire sanasinthe. Mayi anu ndi amalume anu atatimangira nyumba ino ya njerwa ndi malata, anafuna kuthira simenti ndi pakhonde pomwe. Agogo anu anakana kwamtuwagalu. Chaka chilichonse chisanu chikamatha amazira khonde lino akung'ung'udza nyimbo, ndipo akatero ndiye kuti kwa iwo chaka chatembenuka.

Tsono mverani chimene chinandiumitsa mutu. Chaka chimene mayi anu Esinati anabadwa, amayi anga ondibereka anatsokomola chisanu chonse. Pofika Ogasiti anaoneka ngati apezako bwino, n'kupita kudambo kukamweta udzu wofolerera nyumba. Ndinakumana nawo panjira ndili pa ngolo, iwo atasenza mtolo, mphepo ikuwakankha uku ndi uku. Ndinangowafuulira moni n'kupitirira, ndinkathamangira katundu wa eni. Pobwerako mawa lake ndinawapeza ali gone, akupuma mobanika, akudandaula m'nthiti. Tinawatemera mphini, tinawamwetsa mizu. Za chipatala palibe anaziganiza, ku Likuni tinkakuona kutali zedi. Masiku anayi okha, amayi anatisiya. Anthu pamaliro ankangoti, "Ndi mphepo ija, si mukuona mitengo ikuphukira." Ine mumtima ndinati, ndikanaimitsa ngolo, ndikanawalanda mtolo uja n'kuwabweza kunyumba, bwenzi alipo. Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zonsezi osauzako munthu.

Ndiye chaka chatha, kumapeto kwa Juni, agogo anu anapita kumaliro a msuweni wawo ku Diamphwe. Pobwera anakwera lole yopanda tenti, n'kufika kuno ali ndi chimfine. Tinachita zimene aliyense amachita: madzi otentha a mandimu, masamba a bulugamu owiritsa n'kufunda nawo bulangete kuti apume nthunzi yake. Chimfine chinatha, koma chifuwa chinatsalira. Julayi yense anatsokomola. Tsiku lina m'mawa ndikutuluka ndinaona mango awo achita maluwa, mphepo ikugwedeza malata. Ndinati ayi, mphepo iyi inanditengera amayi, mkazi wanga yekha siinditengera.

Ndinatenga misomali ndi matumba a feteleza n'kukhomera pa zenera la kuchipinda. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi nsanza. Ndinalowetsa mbaula ya makala kuti iziyaka tsiku lonse, mabulangete atatu pamwamba pawo. Kusamba ndinaletsa. Kudimba ndinaletsa. Tsiku loyamba nditapita kukathirira nazale ya fodya, pobwera ndinapeza athawa, ali pakati pa mpiru wawo, kheni yothirira ili m'manja. Ndinakalipa mpaka agalu a m'mudzi muno anauwa. Kuyambira tsiku limenelo ndikamachoka ndinkakoloweka waya pachitseko, chakunja. Inde, Yamikani, usandituzulire maso. Agogo ako anowa anachita zimenezo, ndipo ankadziona ngati mwamuna wosamala banja kuposa onse.

Mnzawo wapamtima wa agogo anu, Nambewe, amene ali nawo kudimba panopa, anabwera katatu ndi thobwa. Katatu konseko ndinawabwezera pabwalo. Ndinkati alendo amatsegulatsegula chitseko, amalowetsa mphepo. Amayi a kumpingo anabwera kuti adzaimbe nawo nyimbo; ndinawauza kuti akapempherere kwawo, Mulungu amamva ndi patali pomwe. Mayi anu akaimba foni ndinkatuluka nayo panja. "Ali bwino, angogona. Koma ana chaka chino asabwere, kuno kwabuka chimfine." Ndinkadziwa kuti inu mukabwera chitseko chija sichikhalanso chotseka, komanso kuti Esinati akamva zoona andithira mawu.

Kuphika ndinkaphika ndekha. Musafunse. Phala langa ngakhale galu wathu ankayamba walinunkhiza kawiri. Ndiwo zinali mfutso tsiku ndi tsiku, chikhalirecho kudimba mpiru ndi tomato zikungoonongeka.

Sabata yoyamba agogo anu anandilalatira, kunditchula maina amene sindingawabwereze pamaso pa ana. Sabata yachiwiri ankangodandaula mutu ndi chizungulire. Chifuwa m'malo mochepa chinakula, ine n'kumati mphepo ikulowabe penapake, n'kumawonjezera nsanza ndi makala. Sabata yachitatu analeka zonse. Ankangogona atayang'ana kukhoma. Ndikabwera ndi phala ankalawa masipuni awiri n'kukankha mbale.

Tsiku lina masana anandiitana ndi mawu otsika.

"Bambo a Esinati, khalani apa. Musutikesi muli chitenje chobiriwira chimene sindinachivalepo. Chimenecho mudzandifunditse. Nkhulungo yanga ili kuseri kwa mtsuko, mudzampatse Tadala, kaya adzaigwiritsa ntchito kaya adzangoisunga."

"Nankhoma, mukuyankhula zotani?"

"Ndatopa ine. Ingondimverani basi."

Ndinatuluka, ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana. Zonse zimene ndinkadziwa ndinali nditachita, koma munthu ankapitabe ine ndikuona. Nambewe anandipeza pomwepo akuchokera kumjigo. Anatula ndowa, osandipatsa ndi moni womwe, n'kulowa m'nyumba mwanga ngati mwawo. Sipanapite nthawi anatuluka akutsokomola, misozi ili chuchuchu.

"A Chisale! Kodi mnzangayu mwamuyesa fodya wa chikopa, woti mumutsekere m'balani n'kumamufukiza? Mukufuna mukamugulitse ku okushoni?"

"Mayi, ine ndikuwateteza ku mphepo."

"Mphepo yake iti? Mmenemo mulibe ndi mpweya womwe! Kamangeni ngolo tipite kuchipatala. Mukakana ndikuwa, mudzi wonse ubwere udzaone."

Ndinabwereka ngolo ya abulu kwa alongo awo a Nambewe. Ine, munthu wa Bulaki ndi Sitima, kugwira chingwe cha abulu! Tinawagoneka agogo anu pamatiresi, ine n'kuwakulunga mabulangete mpaka kungotsala mphuno. Titangotuluka m'mudzi anatulutsa dzanja n'kuvundukula kumaso. Ndinawafunditsa. Anavundukulanso. Nambewe anati, "Mukawagwiranso ndikutsitsani pa ngolo pano." Ndinayang'ana kutsogolo n'kumalimbana ndi abulu.

Kuchipatala tinapeza namwino wachitsikana, msinkhu wake wosafika ndi pa mayi anu pomwe. Anawayeza kutentha kwa thupi, anawamvetsera m'chifuwa ndi m'nthiti, kenaka ananunkhiza bulangete lija.

"Agogowa amagona kukhitchini?"

Nambewe anandiyang'ana. Ine ndinafotokoza zonse, poyamba monyadira ndithu: za matumba, za mbaula, za waya. Mmene ndinkafotokoza mawu anga anankira nachepa. Mtsikana uja sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Agogo, makala oyaka m'chipinda chotseka amapha munthu wabwinobwino. Mutu ndi chizungulire zija ndi zimenezo. Muthokoze Mulungu kuti malata anu ali ndi mipata."

"Nanga mphepo, mwana wanga? Amayi anga anafa ndi mphepo ya mwezi uno."

Anandifunsa mmene amayi anadwalira. Ndinamuuza, mpaka za mtolo wa udzu zomwe, zimene ngakhale Nankhoma anali asanazimvepo. Iye anati, "Mmene mukufotokozeramu, chikuoneka ngati chinali chibayo. Chibayo chimafuna mankhwala a kuchipatala msanga. Ngakhale mukanawalanda mtolowo, popanda mankhwala zikanavutabe. Musadziimbe mlandu, agogo." Katundu amene ndinamusenza kuyambira mayi anu ali khanda, kamtsikana kameneko kananditula ndi mawu ochepa chabe, uku kakulemba m'kabuku.

Anatipatsa mapiritsi a chifuwa, n'kutenga makhololo kuti akayeze ngati sichinali chifuwa chachikulu. Kenaka anandiwerengera malamulo ngati mwana wa sukulu. Matumba achoke pazenera. Mbaula ituluke. M'mawa azikhala padzuwa, pamalo posawomba mphepo, atavala juzi ndi mpango. Masana azisamba madzi ofunda, azimwa madzi ambiri, azidya masamba ongothyola kumene ndi zipatso, aziyendako pang'ono. Pomaliza anati, "Ndipo anthu azibwera kudzacheza nawo. Kukhala wekha kumadwalitsa."

Tsiku lomwelo ndinazula misomali yonse. Patapita masiku angapo ndinapalasa njinga kukamva zotsatira, mtima uli m'mwamba. Anati chifuwa chachikulu palibe. Ha! Pobwerera ndinapalasa ngati mnyamata, ndikupereka moni ndi kwa anthu amene sindiyankhulana nawo omwe. Ndinalowa m'nyumba ndikufuula kuti, "Nankhoma, mulibe matenda aja! Dzukani!"

Iwo osatembenuka n'komwe. "Ndamva."

"Tiyeni panja, kuli kadzuwa kabwino."

"Munanditsekera nokha. Panjapo ndikatengepo chiyani?"

Apa ndiye ndinagwira njakata. Mapiritsi anagwira ntchito, kutsokomola kunachepa, zenera linali lotsegula, chitseko chili yasa, koma munthu osadzuka. Nambewe ankabwera ndi nkhani zonse za m'mudzi, iwo n'kumangoti "Eya" kapena "Kaya." Zakudya zabwino zinkabwera tsopano, koma ankangotola pang'ono. Ndinazindikira kuti chifuwa achiza a chipatala, koma chimene ndinathyola ine chili mumtima, ndipo cha chimenecho sanatipatse mapiritsi. Ndinaopa kuposa poyamba.

M'mawa wina nditakhala pano ndinayang'ana khonde lino. Linali lomvetsa chisoni. Ming'alu paliponse, nkhuku zitakumba maenje osambiramo fumbi, m'mphepetemu mutagumuka. Ogasiti anali akutha, ndipo chikwatirane ndinali ndisanaonepo Sepitembala akulipeza losazira. Ndinaganiza kuti mwina akuchita manyazi kukhala pakhonde lotere anthu akudutsa. Ndinati chabwino, ndizira ndine. Zaka zonsezi ndakhala ndikuona akazi akuzira, chovuta n'chiyani?

Kudambo ndinaona kutalika, komanso ndinaopa kuti amuna anzanga andiona ndikukumba mtsiro. Ndinangopita pachulu icho, kuseri kwa khola, n'kukumba dothi lofiira wilibala yodzaza. Ndinalithira madzi, kuliponda ndi mapazi monga timachitira poumba njerwa, n'kuyamba kulikhuthulira pakhonde ndi fosholo, lochindikala zala zinayi. Mkazi akamazira amayambira kukhoma n'kumabwerera cham'mbuyo mpaka atulukire pabwalo. Ine ndinayambira kubwalo n'kumalowera kukhoma. Pozindikira ndili pakona apo, matope kutsogolo, khoma kumbuyo, poponda palibe. Nkhulungo yawo ija ndinali nditaitenga kuseri kwa mtsuko, tsono ndinanyonyomala pomwepo n'kuyamba kupuntha nayo matope aawisiwo, phwa, phwa, phwa.

M'nyumba munamveka mawu. "Kodi n'chiyani chikuchitika pakhonde panga?"

"Ndikuzira," ndinayankha.

Kenaka ndinamva bedi likulira, mapazi akukhwekhwereza pansi, dzanja likupapasa khoma. Anatulukira pakhomo apo, ataonda, tsitsi losapesa, akutsinzina chifukwa cha kuwala. Anayang'ana matope, anayang'ana fosholo, kenaka anandiyang'ana ine nditanyonyomala pakona ngati chule.

"Mayo ine! Dothi la pachulu? Pakhonde panga? Bambo a Esinati, mukuzira kapena mukukonza pogona nkhumba? Nanga m'manjamo mwagwira chiyani? Nkhulungo yanga! Pamatope aawisi! Bweretsani kuno msanga!"

"Ndidzera pati, Nankhoma?"

"Ulukani, si ndinu amisiri?"

Ndinadutsa m'matope momwemo, kuterereka, n'kugwa chagada. Ndili pansi choncho ndinamva chinthu chimene ndinali nditachisowa miyezi iwiri: agogo anu akuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, atagwirira chitseko, misozi ikutsika. Ine ndinagona m'matopemo osafuna n'kudzuka komwe, kuopa kuti angaleke.

Anandituma kuti ndiwatulutsire kampando ndiwaikire padzuwa. Atakhala pamenepo analamula ngati kapitawo wa pa esiteti. Matope onse achoke, ndipale mpaka pansi. Ndikatenge mtsiro kudambo, kumunsi kwa dimba la Nambewe, ndikumbe kufika m'chigongono chifukwa wapamwamba uli ndi mchenga. Ndinapita masanasana, ndowa pamutu, amuna a pabawo akundikuwiza. Ndinawauza kuti asekeretu, tsiku lawo likubwera. Pobwerako ndinapeza Nambewe ndi amayi ena atatu afika kale, nkhani yanga itawanda mudzi wonse.

Anasankha timiyala mumtsiro muja, anaukanya, anawaza madzi pansi. Kenaka agogo anu anatsika pampando n'kugwada. Kamphepo kanali katayamba, ndipo ine pakamwa panayamba kundiyabwa. Ndinangoti, "Nankhoma, kunja kuno…" Anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinapita kukawatengera juzi n'kutseka pakamwa panga. Anazira kadera kakang'ono, kuyambira pakhomo apo kufika pamene wakhala Yamikanipo, dzanja likuyenda mozungulira monga kale, kenaka anatopa n'kubwerera pampando. Kotsalako anamaliza anzawo, iwo akuloza ndi chala pamene palakwika. Masana amenewo amayi aja anaphika futali wa mbatata, ndipo agogo anu anadya nawo mbale imodzi, onse akundijeda ine ndili pomwepo. Sindinawerenge kuti anatapa kangati, koma mbale inabwerera yoyera.

Kuyambira pamenepo mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Sabata yotsatira anafika kumjigo, inayo anafika kudimba. Mayi anu nditawaululira pa foni anandikalipira mpaka batire kutha, ndipo ndinangovomera, ndinali wolakwa. Chaka chino mwaona nokha mmene tikuchitira. Chisanu chonse zenera timatsegula masana, mbaula imathera panja. M'mawa timaothera dzuwa kuseri uko tonse awiri, iwo akuswa mtedza, ine ndikuwathandiza kudya. Wina akatsokomola masiku angapo timakwera kabaza wa kuchipatala, osayamba tayang'ana mitengo. Mwezi uno sindinayambe kuukonda ayi, fumbi lake likundinyansabe. Koma tsopano ndikaona maluwa a mango ndimangoganiza za mango.

Khonde lija litauma n'kukulungidwa, tsiku lina dzuwa litapendeka tinakhala pano awiriwiri, titatambasula miyendo. Ndinawapepesa. Sindine munthu wodziwa kupepesa, koma ndinayesetsa. Iwo anasisita pansi ndi chikhatho.

"Ndikudziwa kuti munkaopa," anatero. "Koma mundimvetse, bambo a Esinati. Ndikadzadwalanso, mudzanditsekere kunja. Ndipo tsiku langa likadzakwana, mudzandigoneke pakhonde pano, ndidzapite ndikumva anthu akuyankhula."

Choyambacho ndinavomera pomwepo. Chachiwiricho ndinawauza kuti ayambe adikira, ine sindinakonzeke.